Mwanayo Musamupatse Mfuti

Pali mtundu wa magemu umene anthu ambiri amangoudutsa poganiza kuti ndi wa ana. Mukayang'ana chithunzi chake mumaona kamwana kakuthamanga kuchokera kumanzere kulowera kumanja, kakudumpha dzenje, kakukoka bokosi. Mulibe mfuti, mulibe manambala pakona pa sikirini owerenga zipolopolo, ndipo nthawi zambiri mulibe ndi mawu amodzi omwe olankhulidwa. Komatu magemu amenewa, monga Limbo, Inside ndi Little Nightmares, amasiya mantha okhalitsa mumtima kuposa magemu ambiri odzaza zilombo zokuwa ndi magazi ali chuchuchu. Ine ndimawakonda kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndili ndi nkhawa: chimene chimawapatsa mphamvu n'chosavuta kutaya, ndipo zikuoneka kuti kutayako kwayambika. Amene simunasewere, dziwani kuti ndiulula zina za m'kati mwake, koma mathero enieni ndiwasiya.

Limbo inatuluka mu 2010 pa makina osewerera magemu a Xbox 360. Inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya ku Copenhagen m'dziko la Denmark, yotchedwa Playdead, motsogozedwa ndi Arnt Jensen. Mnyamata amadzuka m'nkhalango. Zonse n'zakuda, zoyera ndi zotuwa, ndipo iye mwini ndi chithunzithunzi chabe, maso awiri okha ali mbee. Zimene angathe n'zowerengeka: kuyenda, kudumpha, kukwera, kugwira chinthu n'kuchikoka kapena kuchikankha. Basi. Ngakhale kusambira sadziwa, madzi akangomupitirira mutu kwake kwatha. Mu 2016 kampani yomweyo inatulutsa Inside, m'mene mnyamata wa malaya ofiira akuthawa agalu ndi anthu ophimba kumaso. Chaka chotsatira, Tarsier Studios ya ku Malmö m'dziko la Sweden inabwera ndi Little Nightmares, yofalitsidwa ndi Bandai Namco. M'menemo muli kamtsikana kotchedwa Six, kovala chovala chamvula chachikasu, katanyamula laita, kakusaka potulukira m'chombo chachikulu cha m'nyanja chotchedwa The Maw. Mizu ya zonsezi ndi yakale ndithu. Another World ya Éric Chahi, ya mu 1991, inali kale ndi munthu wofooka m'dziko lachilendo, wofa msanga, wopanda womufotokozera kanthu. Koma uja anatola mfuti panjira. Awa alibe.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukapatsa wosewera chida, chilombo chimasanduka masamu: zipolopolo zatsala zingati, ndichiwombe kangati kuti chigwe. Mantha amakhalapo kwa kanthawi, kenako luso limakula, ndipo amene ankasakidwa uja amasanduka mlenje. M'magemu amene ndikunenawa tsiku limenelo silifika. Mwana amene munayamba naye wopanda mphamvu amayenda ulendo wonse, kapena pafupifupi wonse, ali wopandabe mphamvu. Funso limene limakhala m'mutu mwanu ndi lakuti ndibisale pati, ndithamange liti, kodi chandimva? Mafunso amenewa satha ntchito ngakhale mutazolowera mabatani.

Little Nightmares ndi imene inamvetsa bwino kwambiri za kuchepa. Chilichonse m'chombo chija anachipangira anthu ena, akuluakulu kuposa muyeso. Six sangafikire chogwirira chitseko. Amayenera kukoka mpando kapena sutikesi, kukwerapo, kudumpha, n'kulendewera pachogwiriracho ndi thupi lonse kuti chitseko chitseguke. Kiyi amainyamula ndi manja awiri ngati katundu, ndipo akainyamula sangakwere paliponse. Madirowa a kabati amasanduka makwerero. Pansi pa tebulo ndi pothawira. Kuti agwirebe chinthu, inu muyenera kupanikizabe batani, ndipo chala chikangotopa n'kutayirira, iyenso amataya. Tonsefe tinakhalapo ana m'nyumba ya akuluakulu, m'mene chilichonse chinali pamwamba, mawu a anthu akumveka kuseri kwa khoma koma osadziwika tanthauzo, mapazi akubwera osadziwa ngati mwini wake wakondwa kapena wakwiya. Gemuyi siphunzitsa wosewera mantha atsopano. Imangotsegula amene anagona kalekale m'thupi.

Taonani zilombo zake. Zambiri ndi anthu akuluakulu pantchito zawo za tsiku ndi tsiku, koma opindika. Woyang'anira ana ali ndi manja aatali kuposa thupi lake lonse, ndipo saona. Ophika awiri amapasa, nkhope zawo zili lendelende ngati zongovala, akudula nyama m'khitchini. Alendo onenepa akudya mosalekeza, ndipo akakuonani amagwa pamipando n'kuyamba kukwawa kukulondolani. Mu Little Nightmares II, ya mu 2021, muli mphunzitsi amene khosi lake limatalika n'kukhotakhota mpaka mutu kukafika pamwamba pa mashelefu pamene mwabisala, muli dokotala woyenda chokwawa kudenga, muli anthu oima duu kuyang'ana TV mpaka nkhope kufufutika. Wophika, mphunzitsi, dokotala: anthu amene mwana amauzidwa kuti aziwakhulupirira. Chinjoka cholavula moto sichingafike pamenepo.

Tsopano pali mfundo imene otsutsa amabwera nayo, ndipo si yopepuka. Amati mantha ndi kuganiza sizigona nyumba imodzi. Mantha amafuna kuti mtima uzigunda, pamene puzzle, kapena kuti vuto la m'gemu lofunika kulimasula ndi nzeru, imafuna kuti munthu akhale pansi, adekhe, ayese ichi ndi icho. Ukakhala mphindi khumi m'chipinda chimodzi ukufufuza mmene ungatsegulire chitseko, chipindacho chimaleka kuopsa, chimangokhala chotopetsa. N'zoona kuti zimenezi zimachitika. Chigawo chomaliza cha Limbo chimandikhumudwitsa pa chifukwa chomwechi. Gemu imene inayamba ndi nkhalango, kangaude ndi ana achilendo otchera misampha imathera m'fakitale ya macheka ozungulira, maginito ndi mabatani otembenuza mphamvu yokokera zinthu pansi. Ma puzzle a kumeneko ndi anzeru, ena ndi ovuta mokoma, koma mantha amakhala atatsala m'mbuyo. Umakhala ukulimbana ndi makina, ndipo makina sakusaka.

Koma zikapangidwa bwino, puzzle ndi mantha zimakhala chinthu chimodzi, ndipo palibe mtundu wina wa gemu umene ungachite zimenezi mofanana. Mu Inside muli malo amene mnyamata ayenera kuzula matabwa okhomedwa pakhomo kuti alowe, agalu akumuthamangira. Pafupi pali mpanda wawaya. Mukakwera mpanda n'kutsikira mbali ina, agalu amazungulira njira yaitali kuti akupezeni kumeneko. Ndiye mumadikira afike pafupi, mumakweranso kubwerera, mumathamangira pakhomo, mumazula thabwa limodzi, agalu aja atulukira kale, mumathawiranso pampanda. Kenako mubwerezenso. Yankho mumalipeza msanga, koma kulidziwa sikuchotsa mantha. Kumawonjezera, chifukwa tsopano mukudziwa kuti muyenera kutsika nokha, mwadala, kupita kumene kuli mano. Gemu sinakukankheni. Mwapita nokha chifukwa njira ina palibe.

N'chimodzimodzi ndi woyang'anira wosaona uja. Popeza amadalira makutu, matabwa apansi amene amalira mukawaponda amasanduka adani, ndipo kapeti imasanduka mlatho. Mumayenda monyang'ama, mumatola chidole n'kuchiponya kutali kuti manja aja apapase kumeneko. M'chipatala cha mu Little Nightmares II muli zidole zazikulu zonga odwala zimene zimaima nji kuwala kukazigunda koma zimayenda mdima ukabwerera. Mono, mnyamata amene mumamuyendetsa m'gemuyi, wovala pepala kumutu, ali ndi tochi imodzi, ndipo zidolezo zikuchokera mbali zingapo. Kuunika kuno ndi kumasula za uko. Apa kuganiza sikupumitsa mantha ayi. Ubongo ukugwira ntchito mtima uli phaphapha, ndipo kulakwa kumabwera chifukwa zala zikunjenjemera.

Puzzle imachitanso ntchito ina imene anthu saitchula kawirikawiri: imakukakamizani kuyang'ana. M'gemu yothamanga, chipinda choopsa mumachidutsa ngati mphepo. Pano simungatuluke musanachiwerenge chonse, chifukwa yankho labisika pakati pa zinthu zomwezo zimene simukufuna kuziona. Mumafufuza chingwe, ndiye maso amagwera pa zimene zapachikidwa pazingwe zina. Mumafufuza popondera, ndiye mumazindikira kuti chipinda chonse chadzaza nsapato, mulu waukulu woti mwana amamira mpaka m'khosi, ndipo eni ake palibe. Palibe amene wakuuzani nkhani. Mwaitola nokha pofufuza kiyi.

Ndipo apa ndi pamene magemu amenewa amafika pakuya pamene ine ndimawalemekezera. Mayankho ake ambiri ndi onyansa, ndipo wowachita ndinu. Kumayambiriro kwa Little Nightmares mumalowa m'chipinda mmene miyendo ya munthu ikulendewera kuchokera kudenga, pansi pake pali mpando. Chitseko chili patsogolo, chogwirira chili pamwamba. Simuchedwa kuzindikira chochita. Mumakoka mpando womwewo. Mu Limbo mumawoloka madzi podumpha pamitembo yoyandama, ndipo pena mumakoka mtembo kuti ufwamphule msampha m'malo mwanu. Kangaude wamkulu amene wakuzunzani kwa nthawi yaitali mumadzakumana naye komaliza atatsala ndi mwendo umodzi, sangathenso kukuchitani kanthu kwenikweni. Kuti mupitirire muyenera kuuzula mwendowo ndi manja anu, kenako kugubuduza thupi lake kuti litseke dzenje la zisonga. Ndinkamuda kangaude ameneyo ndi mtima wonse, koma pamenepo chimwemwe cha kupambana sichibwera. Chimabwera ndi chisoni chosakanikirana ndi manyazi.

Inside imapita patali kuposa pamenepo. Pafamu ina nkhumba yolusa imakuthamangitsani mpaka kudzigunditsa kukhoma. Mukaiyandikira mumapeza kuti kumbuyo kwake kwatulukira chinyongolotsi, mumachizula, nkhumbayo imafatsa, ndipo inu mumaikoka n'kuipondera kuti mufikire chisoti chimene chikulendewera m'mwamba. Chisoti chimenecho chimakupatsani mphamvu yoyendetsa anthu ena, anthu opanda maganizo awoawo, oyenda mitu ili zyoli. Mukapita kumanja nawonso apita kumanja. Mumawagwiritsa ntchito kunyamula zitseko zolemera, kukukwezani m'mwamba, kukuwakhani mukagwa. Pena pamafunika kulemera kwa anthu 20 kuti chitseko chitseguke, ndipo mumayendayenda kuwasonkhanitsa, mpaka kukoka ndi mtembo womwe kuti chiwerengero chikwane. Dziko limene mukuthawalo ndi dziko logwiritsa ntchito anthu ngati zipangizo, ndipo inu, kuti mupulumuke, mukuchita zomwezo. Gemu sikudzudzulani. Sinena kanthu. Imangokusiyani muone manja anu.

Malo amene sindidzawaiwala ndi pamzere. Mnyamata amagwera pakati pa anthu opanda maganizo aja akuyenda mondondozana, akuyesedwa ngati akumvera bwino. Kuti asadziwike ayenera kuchita monga iwo: akayenda ayende, akaima aime, akadumpha adumphe, akatembenuka atembenuke. Makina akuyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo chapatali paima anthu abwinobwino akuonerera, ena ali ndi ana awo. Kunena za mabatani, palibe chovuta pamenepa. Koma wosewera amazindikira mwakachetechete kuti nayenso wakhala akuyendetsa mnyamatayu ndi chala kuyambira pachiyambi, kumanja, kumanja, osafunsa. Buku kapena filimu ingathe kunena za kumvera kwakhungu. Gemu yokha ndi imene ingakuchititseni kumverako ndi thupi lanu.

Six naye ali ndi njala. Nthawi ndi nthawi amagwira pamimba, amapindika, kuyenda kumavuta, ndipo simungapitirire mpaka adye. Poyamba mwana wina amamuponyera buledi. Kenako amadya nyama imene inali nyambo ya msampha. Kenako khoswe wamoyo. M'chombomo muli tizolengedwa tamanyazi ta zipewa zosongoka totchedwa Nomes, timene mungathe kutinyamula n'kutikumbatira, ndipo sitikufunirani zoipa. Njala ikamugwiranso Six, kamodzi mwa ito kamabwera n'kumupatsa soseji. Six sasankha sosejiyo. Amene mwakhala mukumuteteza kwa maola angapo, mukumubisa, mukumupempherera podumpha, mumayamba kumuopa. Sindikudziwa chilombo chilichonse m'gemu imeneyi chimene chimaposa mphindi imeneyo.

Kamera nayo ili ndi gawo lake. Magemu ambiri oopsa amakuikani m'maso mwa munthu amene mukumuyendetsa, ndipo mantha ake ndi a chimene chili kumbuyo kwanu. Awa amakuonetsani zonse cham'mbali, ngati nyumba yochotsedwa khoma limodzi. Mumaona mwana ali pansi pa tebulo, ndipo mumaonanso wophika akuwerama pang'onopang'ono kuti asuzumire. Mumaona dzanja likubwera mwana asanalione. Choncho mantha ake ndi a mtundu wina, a munthu woyang'anira mwana amene sangathe kumunyamula n'kuthawa naye. Simudziopera nokha. Mumaopera wina wamng'ono amene moyo wake uli pa zala zanu, ndipo akafa mumamva kuti mwamulephera. Komanso sikirini ili ndi malire, ndipo kumanja kwake nthawi zonse kuli mdima umene muyenera kulowamo.

Za phokoso ndinene mwachidule, ngakhale ndi theka la ntchito yonse. Martin Stig Andersen, amene anakonza mamvekedwe a Limbo ndi Inside, anafika podutsitsa nyimbo zina za Inside m'chigaza chenicheni cha munthu pojambula, kuti zizimveka monga mmene munthu amamvera mawu m'kati mwa mutu wake. Koma chimene chimagwira mtima kwambiri ndi kupuma kwa mnyamata. Akathamanga amapuma mwawefuwefu, akabisala mpweya umatsika pang'onopang'ono. Nthawi zambiri kumakhala zii, moti kulira kwa thabwa limodzi kumakudzidzimutsani. Mu Inside muli chigawo china chimene chiphokoso choopsa chimaphulika mobwerezabwereza pa nthawi yofanana, chikuphwasula chilichonse chimene sichinabisale, ndipo mumaphunzira kuyenda powerenga ndi makutu. Wosewera magemu amenewa atatsitsa voliyumu akudzimana yekha.

Tsopano ndinene za chilema chachikulu, chifukwa chilipo, ndipo okonda magemuwa sitiyenera kuchibisa. Ndi imfa yobwerezabwereza. A Playdead eni ake ankanena poyera kuti Limbo inakonzedwa kuti wosewera aziphunzira mwa kufa. Msampha woyamba m'udzu simuuona, umangoti khapa, mutu wa mnyamata wagwa. Kachiwiri mumaudumpha. Nthawi yoyamba imfa imeneyo imakuumitsani thupi. Kachitatu imakupwetekani pang'ono. Kakhumi mumangodikira gemu iyambirenso, ndipo chilombo chimene chinakuchititsani nthumanzi chija mwachiona kambiri moti mwayamba kuona ulusi umene anachisokera. Pali malo ena mu Limbo pamene pali makina awiri opsinja motsatizana, ndipo pamene mwaphunzira kuti ndi pabwino kuponda pa oyamba ndi pomwe pamakuphani pa achiwiri. Ena amati ndi nthabwala ya opanga. Ine ndimaona kuti ndi kuphwanya pangano, chifukwa wosewera watcheru ayenera kukhala ndi mwayi wopulumuka pongoyang'anitsitsa.

Inside inakonza zambiri mwa izi, ndipo n'chifukwa chake ndimaiyika patsogolo pa anzake onse. Ngozi zambiri imazionetseratu: mumamva agalu asanafike, mumaona kuwala kwa tochi kukusesa mitengo, mumaona wina akugwidwa patali musanafike pamalopo. Mukafa mumabwerera pafupi pomwepo, mosachedwa, mkwiyo usanalowe m'malo mwa mantha. Ndipo puzzle imodzi siibwereza kawiri. Ikakuphunzitsani chinthu, imachipotoza kamodzi kapena kawiri, kenako imachitaya. Sizodabwitsa kuti mu 2017 inalandira mphoto 4 za ku Britain zotchedwa BAFTA, kuphatikizapo ya kakonzedwe ka gemu ndi ya kafotokozedwe ka nkhani, chonsecho mulibe mawu olankhulidwa. Little Nightmares ili ndi vuto lakelake. Popeza Six angathe kuyendanso cham'kati ndi chakunja kwa chipinda, koma kamera ikuonerabe cham'mbali, n'zovuta kudziwa pamene phazi lake lili. Mumagwa pathabwa lopapatiza, mumaphonya khomo mukuthamangitsidwa, osati chifukwa cha mantha kapena kusaganiza, koma chifukwa diso silinathe kuyeza. Imfa yotere siopsa konse. Imangokwiyitsa.

Nanga nkhawa yanga ili pati? Ili pa mmene mtundu umenewu ukukulira. Gemu ikagulidwa kwambiri, yotsatira yake imayenera kukhala ndi zambiri, ndipo zambirizo kawirikawiri zimatanthauza mphamvu zambiri kwa wosewera. Mu Little Nightmares II, Mono amatha kutola hamala, nkhwangwa kapena chipaipi n'kumenya nacho. Opanga anayesetsa kuti zisamupatse ufumu: chidacho n'cholemera, amachikoka pansi, kuchizunguza kumatenga nthawi. Ganizo lake ndi labwino, koma zigawo zomenyana ndi ana a mitu yadothi a kusukulu ya mphunzitsi uja ndi zimene zili zofooka kwambiri m'gemu yonse. Mumaphonya pang'ono, mwafa, muyambirenso, ndipo posakhalitsa mukuwerenga masekondi m'malo moopa. Little Nightmares III, imene inatuluka mu 2025 ndipo inapangidwa ndi Supermassive Games osati Tarsier, ili ndi ana awiri, Low wa uta ndi mivi ndi Alone wa sipanala, ndipo anthu awiri angathe kusewera limodzi kudzera pa intaneti. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu ankapempha zimenezi. Kusewera ndi mnzako n'kosangalatsa. Koma anthu awiri akamakambirana kuti iwe gwira uku ine ndikoke uku, akamaseka wina akagwa, mdima umachepa mphamvu. Kusangalala kumakhalapo, koma kusungulumwa kumene kunali msana wa mtundu umenewu kumachoka.

Sindikunena kuti mwana azikhala yekha nthawi zonse. Little Nightmares II yomweyo ikusonyeza mmene mnzako angawonjezerere mantha. Six amayenda ndi Mono, akuyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo pali batani longomugwira dzanja. Nthawi zambiri kugwirana dzanjako sikutsegula chitseko chilichonse, koma osewera amakuchita basi, makamaka polowa malo amdima. Pamene dzenje lakula, Six amadumpha kaye n'kutambasula dzanja kuti akuwakheni, ndipo inu mumadumpha mukudalira dzanjalo. Mnzanu wotere sakuwonjezerani mphamvu kwenikweni. Amakupatsani chinthu choti mungataye, ndipo akagwidwa n'kutengedwa, chipinda chotsatira chimakula kawiri. Muyeso wanga ndi umenewu: chilichonse chatsopano chimene opanga akuwonjezera, afunse ngati chikuchititsa mwanayo kukhala wotetezeka kapena wosavuta kuvulala. Ngati ndi choyambacho, achisiye.

Chiyeso china ndi kufotokoza. Osewera ambiri akamaliza amafunsa kuti kodi zonsezi zikutanthauza chiyani, ndipo pa intaneti padzaza mavidiyo aatali omasulira chilichonse. Ena amadandaula kuti kusafotokoza ndi ulesi, kuti opanga amangoponya zithunzi zachilendo n'kusiya osewera awalembere nkhani. Pali magemu otsanzira amene mlandu umenewu ukuwayenera, amene ali ndi nkhungu, mwana ndi chete koma pansi pake palibe kanthu. Kusiyana kwake mumakumva. Mu Inside chilichonse chimene mwaona koyambirira chimadzagwirizana ndi china mtsogolo: nyongolotsi ya m'nkhumba, chisoti, anthu a pamzere, zonse zikuloza ku funso limodzi lakuti akuyendetsa mnzake ndani. Yankho lathunthu simulipeza, koma mumadziwa kuti opanga anali nalo pamene ankamanga. Mwana wotayika sapatsidwa mapu kapena mbiri ya malo amene watayikiramo. Akangodziwa dzina la chilombo, kumene chinachokera ndi chifukwa chake chili chotero, ndiye kuti wakula, ndipo gemu yatha mphamvu. N'chifukwa chake ndimadera nkhawa nkhani zowonjezera zimene zimatulutsidwa pambali pofuna kudzaza mipata yonse. Mipata imeneyo ndi pamene wosewera amaikapo mantha ake.

Ena amadandaula za kufupika. Limbo ndi Inside munthu angathe kuzimaliza m'maola atatu kapena anayi, ndipo Little Nightmares yoyamba siitalika kwambiri kuposa pamenepo. Kwa amene amayeza gemu ndi maola, zimenezi zimaoneka ngati kuberedwa. Koma thupi la munthu silingakhale tcheru kwa maola 40. Limazolowera. Gemu yoopsa yaitali imakakamizika kubwereza, ndipo ndanena kale zimene kubwereza kumachita. Ndingakonde maola anayi amene mphindi iliyonse inaganiziridwa. A Playdead anatha zaka pafupifupi 6 pa Inside, ndipo zimaoneka pa chilichonse, ngakhale mmene mnyamata amapunthwira akatsika pamalo otsetsereka, kapena mmene amatembenuzira mutu kuyang'ana chinthu chimene inunso muyenera kuchiona.

Pali funso limodzi limene sindingalizembe. Kodi n'koyenera kusangalala ndi gemu imene mwana amalumidwa ndi agalu, kumizidwa m'madzi, kudyedwa? Funsoli ndi lolemera ndipo amene amalifunsa sakulakwa. Yankho langa n'lakuti zimadalira mbali imene gemu yakuimikani. M'magemu amenewa simuli mbali ya galu. Imfa iliyonse inakonzedwa kuti ikupwetekeni, kuti musafune kuionanso, ndipo palibe mphoto ya nkhanza. Amanena zoona zimene nkhani zambiri za ana zimabisa, zakuti dziko la akuluakulu lingathe kumeza ofooka popanda ngakhale kudana nawo, pongogwira ntchito zake. Komabe makolo asapusitsidwe ndi kamwana kokongola ka pachikuto. Little Nightmares ku Ulaya inaikidwa m'gulu la zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo Inside ku America ili m'gulu la zaka 17 kupita m'tsogolo. Magemuwa amanena za ana, koma omvera ake ndi anthu amene ubwana anaudutsa.

Kwa amene mukufuna kuyesa, yambani ndi Inside, kenako Little Nightmares yoyamba, ndipo Limbo muibwerere pambuyo kuti muone kumene zinachokera. Sewerani nokha, ndi mahedifoni, ndipo mukakanirira pa puzzle musathamangire ku YouTube. Ndikudziwa kuti ambiri amawadziwa magemuwa poonera ena akusewera, ndipo zithunzi zake n'zokongola ngakhale pongoonera. Koma woonera sakoka mpando uja. Sazula mwendo wa kangaude, satsika pampanda agalu akubwera, sayenda pamzere akumvera. Amaona wina akuchita, ndipo angathe kunena mumtima kuti ine sindikanatero. Wosewera alibe pothawira potero, chifukwa chitseko sichitseguka mpaka iye mwini atapanikiza batani.